Ku Chapananga bwalo lilipo kale, akusowa ndi woyimbira

Dzuwa likapendeka m'mwezi wa Ogasiti, mtsinje wa Mwanza ku Chapananga umagwira ntchito zitatu nthawi imodzi. Madzi anaphwa kalekale, chatsala ndi mchenga woti mbuu kuchokera gombe lino mpaka tsidya. Amayi agwada pa maenje amene afukula, akutunga madzi ndi mbale n'kumathira m'zigubu. Wakabaza watsika panjinga, akuchita kukankha chifukwa matayala akutitimira. Chapatali pang'ono anyamata azika mabango anayi, awiri uku awiri uko, ndipo chikulunga chawo cha majumbo chili m'mwamba. Sichikhalitsa pansi, pakuti pamchenga mpira sugubuduka. Ukaukankha umangoyenda pang'ono n'kuima. Ndiye mwana amaphunzira yekha kuunyamula ndi zala za kuphazi, kuulandira pachifuwa, kuumenya usanatere. Palibe wavala nsapato, ndipo palibe akuopa kugwa.

Masewera amenewa ali ndi malamulo ake, ali ndi timu ya dziko lino, alinso ndi chikho cha dziko lonse.

Mpira wa pamchenga amasewera anthu asanu mbali iliyonse, goloboyi ali momwemo. Nsapato n'zoletsedwa. Bwalo lake limatalika mamita 35 mpaka 37, m'lifupi mamita 26 mpaka 28, malo ongokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 7 a bwalo la mpira wa anthu 11. Masewero amawagawa m'zigawo zitatu za mphindi 12, wotopa amatuluka wina n'kulowa kangati konse, ndipo kufanana mphamvu kulibe: akalepherana amawonjezera mphindi zitatu, zikakanikabe amakathana pa mapenate. Bungwe la FIFA linatenga masewerowa m'manja mwake mu 2005, chikho choyamba chinachitikira ku Rio de Janeiro ndipo chinapita ku France. M'mwezi wa Meyi 2025 mpikisanowu unafika mu Africa koyamba, ku Seychelles, komwe Brazil inagonjetsa Belarus 4-3 mu ndime yotsiriza.

Amalawi ambiri sadziwa kuti mbendera yathu yakhala ikukwera m'masewera amenewa. Mu Okutobala 2022 timu ya dziko lino ya mpira wa pamchenga inasewera koyamba m'mpikisano wa matimu a mu Africa ku Vilankulo, m'dziko la Mozambique. Patatha zaka ziwiri inapitanso, ulendo uno ku Hurghada m'dziko la Egypt. Maulendo onse awiri sinafike mu ndime ya matimu anayi, izi n'zoona, koma tiyerekeze ndi Flames imene timaithira ndalama, misozi ndi mapemphero: chilandirireni ufulu yafika ku mpikisano wa Africa katatu kokha, mu 1984, mu 2010 ndi wa 2021 uja unaseweredwa ku Cameroon kumayambiriro a 2022. Anyamata a pamchenga apita kawiri motsatizana popanda phokoso. Tionenso kukula kwa khomo. Ku mpikisano wa Africa wa pamchenga kumapita matimu 8 okha, ndipo awiri ofika mu ndime yotsiriza amatenga malo ku chikho cha dziko lonse. Anansi athu a ku Mozambique anadutsa pakhomo limeneli mu 2021 n'kukasewera ku Moscow. Mauritania inabwera koyamba mu 2024, inafika mu ndime yotsiriza, inagonja kwa Senegal imene yatenga chikhochi ka 8, komabe tikiti ya ku Seychelles inali m'thumba. Mwa njira zonse zimene timu ya amuna ya Malawi ingafikire ku chikho cha dziko lonse cha FIFA, yapafupi ndi imeneyi.

Vuto n'lakuti tinadzimangirira ku ganizo loti awa ndi masewera a kunyanja. Maligi ndi mipikisano imene imadziwika ili ku Salima, Nkhotakota, Mangochi, Nkhata Bay ndi Karonga, ndipo mphunzitsi wa timu ya dziko akamasankha osewera maso ake amayang'ana komweko. Palibe cholakwika ndi anyamata a kunyanja. Ndi iwo atifikitsa pamene tilipa. Koma malamulo a masewerowa satchula nyanja. Amatchula mchenga wosalala, wopanda miyala kapena zobaya, wakuya masentimita osachepera 40. Belarus imene inavutitsa Brazil ku Seychelles ilibe gombe la nyanja yamchere. Switzerland, dziko la mapiri, inafika mu ndime yotsiriza mu 2009 ku Dubai ndipo inakhala yachitatu mu 2021. Paraguay inachititsa chikho cha 2019 ilibenso nyanja yamchere. Maiko amenewa mchenga amachita kututa pa malole n'kukathira pakati pa mzinda. Ife mchenga umabwera wokha chaka ndi chaka, ndipo umaunjikana kwambiri m'chigwa cha Shire. Maganizo anga ndi akuti bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno la FAM, pamodzi ndi makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje, likhazikitse ligi ya chilimwe ya mpira wa pamchenga m'mitsinje youma ya m'chigwachi, ndipo iyambire ku Chapananga.

Mchenga umenewu si mphatso, tisanamizane. Mtsinje wa Mwanza umatsika kuchokera kumapiri a kumtunda, kudutsa boma la Mwanza, kulowa m'dera la mfumu yaikulu Chapananga kumadzulo kwa Chikwawa, n'kukathira mu Shire. Kumtundako mitengo yatha ndi makala, anthu alima mpaka m'mphepete mwa madzi, ndiye mvula ikagwa nthaka imatsetsereka yonse. Mtsinje umakwiririka, umataya khwawa lake, n'kumadya minda ya anthu mbali ino ndi inayo. Anthu a ku Chapananga amaudziwa bwino ukali wake. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anadula mlatho wa Chapananga, wa mamita 180, umene unkatchuka kuti ndi wautali kuposa yonse m'dziko muno. Namondwe yemweyo anaononga damu la Kapichira, kufupi ndi nkhalango ya Majete, dziko n'kugwa mumdima. Inali sabata yomwe ija Gabadinho Mhango anamwetsa chigoli cha patali motsutsana ndi Morocco, pa 25 Januwale, Flames n'kutuluka mu ndime ya matimu 16 itagonja 2-1. Pamene dziko linkakamba za chigolicho, mabanja ambiri ku Chikwawa anali m'misasa ya pasukulu ndi pamatchalitchi. Chaka chotsatira, m'mwezi wa Malichi, namondwe wa Freddy anabwera kudzamaliza zimene Ana anasiya.

M'dera lotere mpira wa anthu 11 umadula kuposa mmene a mutauni amaganizira. Bwalo la udzu m'chigwa chotentha chonchi silikhalitsa. Chilimwe chisanafike pakati limasanduka dothi louma gwa, losenda mawondo, ndipo dzinja likadza madzi amalikumba kapena kulikwirira. Timu imafuna anthu osachepera 11 ndi ena apabenchi, nsapato za aliyense, yunifomu, ndi galimoto yonyamula gulu lonselo pa msewu wafumbi wopita kuboma. Mnyamata wa ku Changoima kapena ku Gola amene akufuna kuti akuluakulu a mpira amuone ayenera kufika ku Nchalo, pa bwalo la Kalulu, kapena kukwera Thabwa mpaka ku Blantyre. Ambiri safika. Pamchenga timu yonse ya mpikisano ndi anthu 12, nsapato sizifunika, mizere amaika ndi malamba okhomerera mumchenga, ndipo mudzi waung'ono umene sungakwanitse osewera 11 aluso ungapeze asanu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chimene Chapananga ali nacho chochuluka, chosafuna ngongole ya kunja ngati bwalo la Bingu ku Lilongwe, ndi mchenga ndi achinyamata.

Wina anena kuti kukamba za mpira kwa anthu amene mapira awo apserera ndi dzuwa, kapena nyumba zawo zapita ndi madzi, n'kusowa chifundo. Funso limeneli n'loyenera ulemu, chifukwa njala m'chigwa cha Shire si nkhani yongomva. Mpira sudzadzaza nkhokwe ya munthu, sudzamanga mlatho, ndipo aliyense wonena kuti masewera adzathetsa umphawi ku Chapananga akunama. Koma ndalama za masewera zilipo kale ndipo zikugwiritsidwa ntchito chaka chilichonse: FIFA imatumiza thandizo la chitukuko cha mpira ku FAM, boma limapereka gawo lake kudzera ku khonsolo ya zamasewera, makampani amathandiza zikho. Ndalama zimenezi sizidzagula chimanga ngakhale ligi ya pamchenga itapanda kukhazikitsidwa. Nkhani ndi yakuti zimafika kwa yani. Ngati mwana wa ku Chikwawa ndi Mmalawi mofanana ndi wa ku Ndirande kapena ku Area 25, ali ndi gawo lake m'thumba limeneli, ndipo gawolo lipite ku masewera amene dera lake lingakwanitse kusunga. Komanso tisaiwale kuti miyezi imene mtsinje umauma ndi yomwe ija zokolola zalowa m'nyumba, thonje ndi chitowe zagulitsidwa, sukulu zatseka, ndipo mnyamata alibe chochita kufikira nthawi yososa. Makolo a kumeneko akudziwa kumene miyezi yotereyi imathera kwa ana ambiri.

Chotsutsa chachiwiri ndi kutentha, ndipo pano palibe chokana. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha m'chigwachi kumapitirira madigiri 40, mchenga wa masana umawotcha mapazi mpaka matuza. Kuonjezera apo, mtsinje wouma ndi wachinyengo: mvula ikhoza kugwa kumapiri a ku Mwanza kuno kuli ngwee, madzi n'kutulukira mwadzidzidzi. Yankho lake lili pa kalendala. Ligi iyambe mu Juni, madzi ataphweratu ndipo kunja kukuzizira, ithe mu Ogasiti kapena kumayambiriro a Seputembala, mitambo ya mvula isanayambe kuoneka. Masewero azichitika m'mawa ndi madzulo. Popeza masewero amodzi ndi mphindi 36 zokha zosewera, pa bwalo limodzi pakhoza kudutsa matimu angapo dzuwa lisanakwere, ena n'kudzamaliza likamalowa. Kalendala imeneyi ikugwirizananso ndi ya mpikisano wa Africa, umene mu 2022 ndi mu 2024 unachitika mu Okutobala. Mphunzitsi wa timu ya dziko angakhale ndi nthawi yoona osewera, kuitana amene amusangalatsa, n'kuwayesa pamodzi ndi anzawo a kunyanja. Ndipo mwana amene wakulira m'dzuwa la ku Chikwawa sangadandaule ndi kutentha kwa ku Hurghada.

Chotsutsa chimene chili ndi mphamvu kwambiri ndi cha akatswiri a masewerowa. Iwo anganene kuti mchenga wa mumtsinje ndi wina, wa kunyanja ndi wina. Wa mumtsinje umakhala ndi timiyala, minga, ndowe za ng'ombe, nthawi zina magalasi osweka. Pena ndi wosaya, pansi pake pali dothi lolimba. Anganenenso kuti kuthamangitsa chikulunga pamchenga si kudziwa mpira wa pamchenga, umene uli ndi luso lake: goloboyi amene amayambitsa masewero ndi manja kapena kukagoletsa yekha, kumenya mpira chogadama, kumenya mpira wachilango popanda khoma pomwe wochimwiridwa ndiye ayenera kumenya. Zonsezi n'zoona. Koma mbali yoyambayo ndi ntchito ya manja, yosaposa kusefa mchenga kumene amisiri omanga nyumba amachita tsiku ndi tsiku. Malo a mamita 37 ndi 28 achinyamata a mudzi umodzi angawasankhe pamene mchenga uli wakuya, kuwapala, kuwasefa ndi kuwatchinga ndi mabango kuti ziweto zisadutsepo, ndipo chaka chamawa madzi akasuntha mchengawo adzasankha pena. Mbali yachiwiriyo ndiye chifukwa chenicheni chofunira ligi. Luso la malamulo munthu sabadwa nalo, amachita kuphunzitsidwa, ndipo a ku Salima nawonso anachita kuphunzitsidwa. Chovuta kuphunzitsa munthu wamkulu ndi miyendo yozolowera kuthamanga pamalo otitimira ndi mtima wosaopa kudzigwetsa. Izi ana a m'mbali mwa Mwanza ali nazo kale. Pakufunika aphunzitsi a masukulu a pulayimale ndi sekondale ochepa chabe kuti aphunzire malamulo ndi kuyimbira, mipira yeniyeni ya pamchenga imene ndi yopepukirapo, ndi mapolo a magoli a mamita 5.5 m'lifupi ndi 2.2 kutalika.

Pali nkhani ina imene okonza masewera ochokera kutali amaiphonya kawirikawiri, ndiyo yakuti mtsinje wouma uli ndi eni ake. M'mbali mwake muli madimba a chimanga, mbatata ndi masamba amene amapulumutsa mabanja chaka cha njala. Pakati pake pali maenje otungapo madzi akumwa ndi njira za ng'ombe. Khamu la ochemerera likaponda dimba la munthu kapena kudetsa chitsime, ligiyo yatha tsiku lomwelo, ndipo anthu adzakhala akulondola kuikana. N'chifukwa chake malo asasankhidwe ndi munthu wobwera pagalimoto kuchokera ku likulu la FAM ku Chiwembe. Asankhe nyakwawa ndi magulupu, atamva amayi amene amatunga madzi ndi alimi a m'madimba, bwalo likhale kumunsi kwa zitsime, zimbudzi zikumbidwe kumtunda kutali ndi khwawa. Aliyense wodziwa mmene kolera imayambira m'chigwachi sangaione ngati nkhani yaing'ono.

Ena amadandaula kuti mpira wa pamchenga ulibe ndalama, ndipo kukokera mwana kumeneko n'kumutsekera njira ya ku Bullets, ku Wanderers kapena ku Silver Strikers. N'zoona kuti m'dziko muno munthu sangadyetse banja ndi mpira wa pamchenga wokha, ndipo achinyamata auzidwe zimenezi poyera. Koma masewera awiriwa sakulimbirana mwana. Pa bwalo la anthu asanu wosewera amakhudza mpira kambirimbiri, alibe pobisala, amaukira ndi kutchinga yemwe, amaganiza msanga chifukwa mdani ali pamphuno. Maiko amene amasula akatswiri amayambitsa ana awo pa mabwalo ang'onoang'ono pa chifukwa chimenechi. Ku Brazil osewera ambiri otchuka anadutsa mu futsal, mpira wa anthu asanu wa pabwalo lolimba, umene unayambira ku Montevideo mu 1930. Futsal imafuna simenti yosalala kapena holo, zinthu zimene ku Chapananga n'zosowa. Mchenga ukupereka sukulu yofananayo popanda thumba la simenti ngakhale limodzi. Mnyamata amene waonekera pamchenga mu Julayi palibe chomuletsa kukayesa mwayi ku timu ya anthu 11. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano alipo amene wamuona.

Atsikana ndiwo angapindule koposa. M'midzi yambiri bwalo la pasukulu ndi la anyamata, atsikana amapatsidwa kangodya ka netibolo, ndipo kupeza atsikana 22 oti makolo awo awalole ndi kuwagulira nsapato si chinthu chapafupi. Asanu mbali iliyonse, opanda nsapato, pafupi ndi kwawo, masana anthu akuona, n'zotheka. Tabitha ndi Temwa Chawinga, amene lero akumwetsa zigoli ku France ndi ku America, anachokera kumudzi ku Rumphi. Palibe chifukwa choganizira kuti luso lotero linathera kumpoto.

Amene akukayika ngati dera limodzi lingasinthe timu ya dziko aone Tahiti. Zilumba zonse za French Polynesia zili ndi anthu osakwana 300,000, ochepa kuposa a m'boma la Nsanje lokha, limene pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu pafupifupi 300,000. Chikwawa inali ndi oposa 560,000. Tahiti yafika mu ndime yotsiriza ya chikho cha dziko lonse cha pamchenga kawiri, mu 2015 ndi mu 2017. Sinachite zimenezi ndi unyinji wa anthu koma posankha masewera amene ingapikisane nawo n'kuwagwira mwamphamvu kwa zaka zambiri. M'masewera a anthu asanu, osewera awiri kapena atatu apamwamba amasintha timu yonse. Kuonjezera maboma awiri a anthu oposa 850,000 pa malo osakamo osewera si chinthu chochepa, ndipo Mwanza si mtsinje wokha umene umasanduka mchenga m'chilimwe m'chigwachi.

Choopsa chimene ndikuchiona ndi chizolowezi chathu cha mabonanza. Chisankho chikayandikira, wofuna mpando amabwera ndi chikho, mipira iwiri ndi envelopu, zithunzi zijambulidwa, nyimbo ziimbidwa, kenako zii kwa zaka zisanu. Palibe amalemba maina a osewera, palibe amasunga zotsatira, wogoletsa zigoli zambiri sadziwika kupitirira msika wa kwawo. Mpira wa pamchenga ukalowa ku Chapananga mwa njira imeneyi udzafa ngati zikho zinazo. Ligi imasiyana ndi bonanza chifukwa imabweranso chaka chamawa pa mwezi womwewo, ili ndi kaundula wa osewera ndi zaka zawo zoona, ili ndi oyimbira ophunzitsidwa, ndipo ili ndi kopita. Aphungu ndi makhansala akafuna kuthandiza, athandize kudzera ku ofesi ya zamasewera ya khonsolo, dzina la chikho lisakhale la munthu. Makampani amene amapeza phindu m'chigwachi, a shuga ku Nchalo ndi ogula thonje, angapemphedwe mipira ndi mapolo, zinthu zotsika mtengo poyerekeza ndi zimene amawononga pa malonda a pawailesi.

Kopitako ndiye mtima wa nkhani yonse. Utsogoleri wa FAM umene unalowa mu Disembala 2023, pansi pa Fleetwood Haiya, unalonjeza kusintha mpira kuyambira kumidzi, ndipo apa pali poyesera lonjezolo pa mtengo wochepa. Matimu a m'midzi ya Chapananga apikisane okhaokha mu Juni ndi Julayi, opambana akumane ndi anzawo a madera ena a Chikwawa ndi Nsanje mu Ogasiti, ndipo katswiri wa chigwa chonse apatsidwe malo otsimikizika m'mpikisano wa dziko lino pamodzi ndi matimu a kunyanja. Chaka choyamba akhoza kukagonja ndi zigoli zambiri kwa anyamata a ku Senga Bay amene akhala akusewera ndi malamulo kwa zaka. Chachiwiri kusiyanako kudzachepa. Ndalama yaikulu pa dongosolo lonseli ndi ya minibasi imodzi yonyamula osewera 12, mphunzitsi ndi woyang'anira timu kuchoka ku Chikwawa kupita ku Salima ndi kubwerera, kuphatikizapo chakudya ndi pogona masiku ochepa. Ndalama imeneyo ilembedwe m'bajeti ya FAM mwezi wa Juni usanafike.